Diso la Kamera ndi Kambale ka Kumbuyo Kwace

Masabata apitawa tinalandira kalata yocokera ku Mufulira. Mwini wace agwira nchito pansi pa mgodi, koma pa Loweruka ndi pa Sabata amayenda ndi kamera kujambula maukwati, maubatizo ndi ana a sukulu, kuti apezeko kandalama koonjezera pa malipiro. Dandaulo lace ndi ili. Anagula kwa mnzace lenzi yogwirapo kale nchito, yolembedwa 50 mm, pakuti anamva kuti lenzi yotere ndiyo iona monga diso la munthu. Tsiku la ukwati litafika anaimika mkwati, mkwatibwi ndi makolo ao m'cipinda cocezeramo, anthu 8 mumzere umodzi, nayang'ana m'kamera, koma anaonamo anthu anai okha. Anabwerera m'mbuyo kufikira msana unagunda khoma, ndipo apongozi a mbali zonse ziwiri anatsalabe kunja kwa cithunzi. Tsono afunsa kuti, kodi mnzanga anandinyenga, kapena lenzi iri yoonongeka?

Ndiyambe ndi kukhazika mtima wanu pansi, bambo a ku Mufulira. Mnzanu sanakunyengeni, ndipo lenzi yanu iribe cirema. Cimene cinakusokeretsani ndico mau aja akuti lenzi ya 50 iona monga diso. Mau amenewo ananenedwa za makamera a filimu, ndipo agwirabe nchito pa makamera ena a lero, koma pa kamera yanu, imene mwaichula dzina m'kalatamo, sagwira nchito iai. Kuti timvetse cifukwa cace, tiyenera kudziwa zinthu ziwiri zimene ziri m'kamera iri yonse: lenzi, ndilo galasi la kutsogolo limene ndi diso la kamera, ndi cinthu cija colandira cithunzi kumbuyo kwace.

Nambala ya mamilimita yolembedwa pa lenzi amaichula focal length m'Cingerezi, ndipo tanthauzo lace mungathe kuliona ndi maso anu mawa masana. Bwerekani magalasi owerengera a munthu wacikulire, aja olembedwa +2.00 pa mwendo. Muwagwire padzuwa pamwamba pa pepala, muwakweze ndi kuwatsitsa pang'ono-pang'ono kufikira kuwala kutasonkhana pa kadontho kamodzi kowala kopambana. Mukapima mtunda wa pakati pa galasi ndi pepala mudzapeza theka la mita, ndiwo mamilimita 500. Mtunda umenewo ndiwo focal length ya galasilo. Ndikupemphani kuti musayese kuyang'ana dzuwa kupyolera m'galasi, pakuti diso lingapse losacirikanso.

Kadontho kaja si kuwala cabe, koma ndi cithunzi ceni-ceni ca dzuwa, ndipo kukula kwace ndi mamilimita anai ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Mukatenga magalasi amphamvu olembedwa +4.00, kuwala kudzasonkhana pafupi, pa mamilimita 250, ndipo kadontho kadzacepa ndi theka. Apa ndipo pagona phunziro loyamba: lenzi ya mtunda wautali ijambula cinthu ciri conse cacikulu, ya mtunda waufupi icijambula cacing'ono. M'lenzi ya kamera muli magalasi angapo osanjikizana, cotero simungapeze nambala yace pakupima cibekete cace ndi rula, koma lamulo ndi lomwelo. Ndipo mtunda umenewu ndi cibadwa ca lenzi. Anaukhazika amisiri pamene ananola magalasiwo ku fakitale, ndipo susintha ngakhale muimange lenziyo pa kamera ya mtundu uli wonse.

Tsono tilowe m'kati mwa kamera. Inu a pansi pa mgodi mudziwa m'mene kuwala kwa nyali ya pacipewa kugwera pa thanthwe, kozungulira ngati licero. Lenzi iponya cithunzi cace m'kati mwa kamera motero, cozungulira, ndiponso cozondoka, mitu pansi miyendo m'mwamba. Koma zithunzi zimene tipacika pa makoma a nyumba zathu ziri za ngodya zinai. Cifukwa cace ndi cakuti pakati pa licero lija ayalapo kambale ka ngodya zinai, ndipo cokhaco cimene cigwera pa kambaleko ndico cisungidwa; zotsala zonse zitayika mumdima wa m'kamera. Kale kambaleko kanali ka galasi lopakidwa mankhwala, pambuyo pace kanali filimu, ndipo lero ndi sensa, kacidutswa ka silikoni kokhala ndi timaso ting'ono-ting'ono tosandutsa kuwala kukhala mphamvu ya magetsi. Sensa ya mtundu woyamba anaitulukira Willard Boyle ndi George Smith ku America m'caka ca 1969, ndipo mu 1975 Steven Sasson wa ku kampani ya Kodak anamanga kamera yokhala ndi timaso 10,000. Foni wamba ya masiku ano iri ndi timaso mamiliyoni 12 kapena kuposa.

Kambale kakakula, katenga gawo lalikulu la licero, ndipo m'cithunzi mulowa anthu ambiri. Kakacepa, katenga pakati pokha. Lenzi ndi yomweyo, licero ndi lomwelo, koma apongozi agwera kunja kwa kambale.

Nanga mau aja a lenzi ya 50 anacokera kuti? Ca m'ma 1913 ndi 1914 mmisiri wina wa ku Germany, dzina lace Oskar Barnack, wa ku kampani ya Leitz mumzinda wa Wetzlar, anapanga kamera yaing'ono yolowa m'thumba la jekete. Anatenga filimu ya kanema, ija yotambalala mamilimita 35, naigoneka cam'mbali, kotero kuti cithunzi ciri conse cinali mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Kamera imeneyo inayamba kugulitsidwa mu 1925 ndi dzina lakuti Leica, ndipo lenzi yace inali ya 50. Muyeso wa 36 ndi 24 unafalikira dziko lonse lapansi, ndipo ojambula a mibadwo itatu anaphunzira manambala ao pa muyeso umenewo: kuti 28 iona motambalala, 50 iona mwapakati, 135 ndi 200 zikoka zakutali. Anazolowera kotero kuti anaiwala kuchula kukula kwa filimu, monga munthu wonena mtengo wa cimanga osachula ngati ndi ca m'thumba kapena ca m'cidebe.

Amisiri ali ndi lamulo lao pa nkhani iyi. Pimani kambale mopingasa, kucokera pa ngodya ya pansi kufika pa ngodya ya m'mwamba ya mbali ina. Lenzi imene nambala yace iri pafupi ndi muyeso umenewo ndiyo ipereka cithunzi capakati, cosatambalala ndi cosakoka. Pa filimu ya Barnack muyeso wopingasa ndi mamilimita 43, ndipo 50 iri pafupi. Ine ndiyesa kuti mau akuti iona monga diso ndi okokomeza, pakuti maso athu awiri aona motambalala koposa, koma ndi zoona kuti cithunzi cotere sicidabwitsa munthu pociyang'ana. Tsono taonani makamera ena akale. Rolleiflex, kamera ya maso awiri ija imene wojambula anaigwira pamimba ndi kuyang'anamo cowerama, inali ndi filimu ya mamilimita 56 mbali zonse, muyeso wopingasa pafupi-fupi 80, ndipo lenzi yace yapakati inali ya 75 kapena 80. Kamera yaikulu ya miyendo itatu, imene mwini wace anadzifunda nsaru yakuda, inali ndi kambale ka mainchi 4 ndi 5, ndipo lenzi yace yapakati inali ya 150. Cotero 150 yomweyo imene ikoka zakutali pa Leica inali lenzi wamba pa kamera ya nsaru yakuda. Nkhani iyi si yatsopano ai; makolo athu ojambula anaidziwa.

Pamene masensa anayamba kulowa m'malo mwa filimu, kupanga sensa yaikulu kunali kodula kwambiri. Masensa awadula kucokera pa mbale imodzi ya silikoni. Akakhala akulu, atuluka owerengeka, ndipo kacirema kamodzi kaononga cidutswa conse. Cifukwa cace opanga makamera anasankha sensa yocepa, koma anasunga malenzi akale. Nikon D1 ya mu 1999 inali yotero. Muyeso umenewu uchedwa APS-C, dzina lotengedwa ku mtundu wina wa filimu wa mu 1996, ndipo ndiwo uli m'makamera ambiri amene agulitsidwa otsika mtengo m'matauni athu. Pa makamera a Nikon, Sony ndi Fujifilm ndi mamilimita 23.5 ndi 15.6, pa a Canon ndi 22.3 ndi 14.9. Mu 2008 Olympus ndi Panasonic anatulutsa mtundu wao wochedwa Micro Four Thirds, wa mamilimita 17.3 ndi 13. Sensa yolingana ndi filimu ya Barnack iriponso, yochedwa full frame, koma mtengo wace ndi wokwera.

Tsopano tengani pensulo, pakuti masamu ace ndi a mwana wa sukulu. Kuti mudziwe kutambalala kwa malo amene adzalowa m'cithunzi, tengani mtunda umene mwaima, muuculukitse ndi m'litali mwa sensa, ndipo mugawe ndi nambala ya lenzi. Tinene kuti bambo a ku Mufulira anaima mamita 4 kucokera pa anthu ao. Sensa yao ndi ya 23.5, lenzi ndi ya 50. Kuculukitsa 4 ndi 23.5 kupereka 94; kugawa ndi 50 kupereka mamita 1.9. Munthu wamkulu woima phewa ndi phewa ndi mnzace atenga malo okwana theka la mita, cotero m'mamita 1.9 mulowa anthu anai, monga momwe kalata inenera. Kuti anthu 8 onse alowe, ndiwo mamita 4, wojambula anayenera kuima pa mamita 8.5, ndiko kunena kuti kunja kwa nyumba, kuseri kwa khoma.

Ndiyenera kunena cilungamo pano, kuti ngakhale pa kamera ya filimu lenzi ya 50 sikadakwanitsa nchito imeneyo. Ikani 36 m'malo mwa 23.5, mudzapeza mamita 2.9, anthu 6 mopanikizana, ndipo awiri akadatsalabe. Zipinda za nyumba za m'makomboni sizinamangidwe poganizira ojambula. Koma lenzi ija yolembedwa 18–55, imene kawiri-kawiri ibwera pamodzi ndi kamera ndipo ambiri aipeputsa, mukaipotoza kufika pa 18 iona mamita 5.2 pa mtunda womwewo. Onse 8 alowa, ndi malo otsalako.

Pofuna kufupikitsa masamu amenewa, ogulitsa anapeza nambala yoculukitsira. Muyeso wopingasa wa filimu yakale uposa wa sensa ya APS-C kamodzi ndi theka, cotero nambala yace ndi 1.5, ya Canon ndi 1.6; ya Micro Four Thirds ndi 2. Mukaculukitsa nambala ya lenzi yanu ndi imeneyi, mudziwa lenzi imene ikadaona cimodzi-modzi pa filimu yakale. Lenzi ya 50 pa kamera ya ku Mufulira iona monga 75 inaonera pa filimu, ndipo imene iona mwapakati pa kamera imeneyo ndi ya 30 kapena 35.

Koma pano pali msampha, ndipo ndifuna kukhalapo pang'ono. Mudzamva wogulitsa ali kunena kuti, lenzi iyi ya 200 ikalowa pa kamera iyi isanduka 300, cotero ndakupatsani 100 yaulere. Sisanduka konse. Tiyeni tipite ku mpira ku Kitwe, tsiku limene Nkana ikumana ndi Power Dynamos. Wojambula wakhala m'mbali mwa bwalo ndi lenzi ya 200, ndipo wosewera wamtali mamita 1.8 ali pa mtunda wa mamita 50. Cithunzi ca wosewerayo m'kati mwa kamera cidzakhala cacitali mamilimita 7.2. Mangani lenziyo pa kamera ya sensa yaikulu, ndi 7.2, imangeni pa ya sensa yaing'ono, ndi 7.2 yomweyo. Kusiyana kwace ndi kwakuti pa sensa ya msinkhu wa mamilimita 24 wosewerayo sakwana gawo limodzi la magawo atatu, koma pa sensa ya msinkhu wa 15.6 atenga pafupi-fupi theka. Aoneka wamkulu cifukwa udzu ndi oonerera a m'mbali adulidwa. Mukadatenga cithunzi ca kamera yaikulu ndi kudula m'mbali mwace ndi sizasi, mukadapeza cithunzi comweco. Phindu la sensa yaing'ono liripo ndithu, koma licokera kwina: ngati timaso tace tiri tothithikana koposa, mamilimita 7.2 aja agwera pa timaso tambiri, ndipo nambala ya pamsana pa wosewera iwerengeka bwino.

M'mafoni nkhani iyi yafika pa mapeto ace. Opanga alengeza kuti kamera ya foni iri ndi lenzi ya 26 mm, koma foni yonse siifika mamilimita 10 kucindikala. Nanga 26 ikhala pati? Lenzi yeni-yeni ya m'mafoni ambiri ndi ya mamilimita 4 kufika 7, ndipo sensa yace ndi yocepa kuposa cikhadabo. Nambala ija 26 ndi yoculukitsa kale, yotanthauza kuti foni iona motambalala monga 26 inaonera pa filimu. Ici ndico cifukwa cace mwezi, umene uoneka waukulu kumwamba, utuluka ngati kambeu ka mapira mukaujambula ndi foni. Cithunzi ca mwezi m'kati mwa kamera cilingana ndi nambala yeni-yeni ya lenzi mutaigawa ndi 110. Pa lenzi ya 50 mwezi sukwana theka la milimita. Pa lenzi ya 4 ndi kafumbi cabe. Kumbali ina, Nikon anatulutsa mu 2018 kamera yochedwa P1000, yolembedwa kuti ifika 3000 mm. Lenzi yace yeni-yeni ilekeza pa 539, koma sensa yace ndi ya mamilimita 6.2 ndi 4.6 okha, ndipo mwezi wa mamilimita 4.9 usefukira kunja kwa kambale.

Mucenjerenso ndi maina a masensa ang'ono-ang'ono. Imene aichula sensa ya inchi imodzi ndi ya mamilimita 13.2 ndi 8.8, ndipo mopingasa sikwana 16, pamene inchi ndi mamilimita 25.4. Dzinalo linatsalira ku macubu a galasi a m'makamera akale a televizioni, amene anawapima kunja kwace.

Wina angafunse kuti, ngati sensa yaing'ono ipeputsa kamera ndi kutsitsa mtengo, alipiriranji ndalama zambiri ofuna yaikulu? Yankho liri m'kuwala. Mvula ikagwa, woika beseni panja atunga madzi ambiri kuposa woika kapu, ngakhale mvula ndi imodzi. Sensa ya 36 ndi 24 iposa ya APS-C kawiri ndi kupitirira pa kukula kwa bwalo lace, ndipo iposa ya P1000 ija pafupi-fupi ka 30. Masana dzuwa liri ngwee kusiyana kwace sikuoneka kweni-kweni, koma m'chalichi ca mazenera ang'ono, kapena pa phwando la usiku, cithunzi ca sensa yaing'ono cicita mcenga. Khomo lolowera kuwala nalonso lisiyana. Nambala ija yolembedwa f/2 itanthauza kuti mugawe nambala ya lenzi ndi 2: pa lenzi ya 50 khomo ndi la mamilimita 25, koma pa lenzi ya foni ya mamilimita 4 khomo ndi la mamilimita 2 okha. Khomo lalikulu ndilo licititsa kuti nkhope ya mkwatibwi ioneke yakuthwa pamene zakumbuyo zasungunuka ngati nkhungu. Foni siingathe kucita zimenezo ndi galasi lace kwa munthu woima patali. Kompyuta ya m'kati mwace ndiyo ipaka nkhungu yopeka, ndipo mukayang'anitsitsa m'mbali mwa tsitsi kapena mwa duku mudzaona pamene inaphonya.

Cenjezo lina ndi la iwo ogula malenzi ogwirapo kale nchito. Malenzi ena anapangidwira sensa yaing'ono yokha, ndipo licero lao ndi locepa. Nikon awalemba DX, Canon awalemba EF-S. Nambala ya mamilimita pa malenzi amenewa ndi yeni-yeni monga pa ena onse, cotero muiculukitsabe ndi 1.5 kapena 1.6. Koma mukadzagula kamera ya sensa yaikulu m'tsogolo, licero lao silidzakwanira kambale: ngodya za cithunzi zidzada, kapena kamera idzadula yokha ndi kugwiritsa nchito pakati pa sensa pokha, ndipo ena sadzalowa n'komwe. Lenzi ya licero lalikulu, monga ya 50 ya ku Mufulira, igwira nchito pa zonse ziwiri.

Tsono, bambo, musaigulitse lenzi yanu, ndipo musadane ndi mnzanu. Pa kamera yanu lenzi imeneyo ndi yabwino kopambana pojambula munthu mmodzi kapena awiri. Mukaima pa mamita 2 iona malo osakwana mita imodzi, ndiwo mutu ndi mapewa a mkwati ndi mkwatibwi. Ndipo popeza ikukakamizani kuima patali, nkhope zituluka zoongoka. Mphuno itupa m'cithunzi pamene kamera yayandikira kwambiri, monga muona pa acinyamata odzijambula okha ndi foni pa utali wa mkono. Pa gulu la m'cipinda gwiritsani nchito 18, koma musaike munthu kumapeto kweni-kweni kwa cithunzi, pakuti lenzi yotambalala ifutukula za m'mbali, ndipo apongozi sadzakondwera kudziona atanenepa. Ngati tsikulo muli ndi 50 yokha, tulutsani anthu panja pamthunzi, kapena muwaike m'mizere iwiri, anai pa mipando ndi anai ciimire kumbuyo. Gulu lotero litambalala mamita 2 okha, ndipo mukaima pa mamita 7 lidzalowa lonse, mitu ndi mapazi omwe mukaimika kamera coongoka.